Chizungu Chovala Jekete cha Ba Chisala

Ba Benard Chisala anali neba wanga ku Kalingalinga kwa zaka zambiri, ndipo mpaka lero mtima umandiwawa ndikamva wina akunena kuti anali munthu wa pakamwa poipa. Ambiri mwa onenawo sanawaonepo n'komwe. Nkhaniyo anangoitola pampopi, ndipo nkhani ya pampopi imafika kunyumba itasanduka ina. Ine ndinalipo, choncho ndiloleni ndinene zimene ndinaona.

Kwawo kunali ku Mporokoso. Ku Lusaka anafika dziko litangolandira ufulu, atagwirako ntchito yoperekera zakudya pa kalabu ina ya azungu ku Broken Hill, kumene masiku ano timati Kabwe. Kuno anapeza ntchito yokankha machira a matayala pa chipatala chachikulu, ku wodi ya amayi. Ine ndinkachapa nsalu za odwala pa chipatala chomwecho, motero m'mawa tinkayenda limodzi, fumbi la Kalingalinga lili m'mapazi, tikutukwanana njira yonse. Iwo Mbemba, ine wa ku Chipata, ndiye kuti chimbuya chinkatilola kunyozana popanda wokwiya. Ndinkawatcha odya anyani, iwo n'kumanditcha wodya mbewa, ndipo tonse tinkaitanana kuti mbuya.

Sukulu sanapite nayo patali. Chizungu chawo anachitola atanyamula thireyi, kumvetsera azungu akucheza pa mowa. Koma anachitola mwa njira yawoyawo. Ankati Chizungu chili pawiri: china chimayenda ndi malaya okha, zimene chanena ndi zomwezo, pamene china chimavala jekete, ndipo kuti udziwe chimene chili m'kati uyenera kuyamba wachivula. Chovala jeketecho ndicho chinali kumtima kwawo.

"Mbuya, muzungu akakamba ati once in a blue moon, osayamba kuyangana kumwamba," anandiuza tsiku lina tili pamzere wa mafuta ophikira amene tinkawatcha saladi. "Akamba chinthu chamene chibwela kamozi pa nthawi itali. Monga saladi yamene tiimilila apa."

Tinaseka, ndipo mafutawo anatha tisanafike pakhomo la shopu.

Anthu a m'komboni anazolowera kuwabweretsera mawu amene awasowetsa mtendere. Tcheyamani wa chipani wa m'dera lathu anabwera Lamlungu lina, nkhope ili gwa, kudzafunsa chimene bwana wina anatanthauza pamsonkhano ponena kuti "pull up your socks". Ba Chisala anayang'ana mapazi a tcheyamaniyo, amene anali mu nsapato za matayala opanda sokosi ndi imodzi yomwe, n'kumuuza mwaulemu kuti bwanayo akuti alimbikire ntchito, aleke ulesi. Anandiphunzitsa kuti "under the weather" ndi kusamva bwino m'thupi, kuti "break the ice" ndi kuyambitsa macheza pakati pa anthu ochitirana manyazi. Mawu amodzi okha ndi amene ankadana nawo. Mnyamata wina wa sekondale atanena monyada kuti mkulu wina wa pamsika wachita "kick the bucket", Ba Chisala anamukalipira ngati mwana wawo. Anati amenewo ndi mawu a m'bala, onena imfa mwachipongwe, ndipo munthu woleredwa sawatchula pamene ena akulira.

Mawu olemera kwenikweni sanawaphunzire ku kalabu, anawaphunzira pa mabedi. Zaka zimenezo madokotala ambiri anali ochokera kunja, anamwino athu anali ochepa ndiponso othamanga tsiku lonse, ndiye dokotala akafuna kulankhula ndi wodwala kapena abale ake ankangokodola wokankha machira uja. Ba Chisala ankasunga mawu a dokotala m'mutu, kenako n'kumaona chimene chachitikira wodwalayo. Anaona kuti amene wanenedwa kuti ali "out of the woods" amatuluka ndi miyendo yake, choncho mawuwo akutanthauza kuti wadutsa poopsa. Akamva "touch and go" ankadziwa kuti moyo uli pa ulusi, abale aitanidwe. Koma akamva "a matter of time", kapena "let nature take its course", ankadziwa kuti mankhwala afika pothera, ndipo bedi limenelo posachedwa nsalu zake zibwera kwa ine.

Nkhani yabwino ankathamanga nayo ngati mwana wotumidwa shuga. Yoipa ankaivula jekete la mzungu m'mutu mwawo, n'kuiveka chovala chathu asanaitulutse. Paja kwathu wodwala sauzidwa kuti akufa. Wonena mawu otero amaoneka ngati ndiye waitana imfayo, ndipo ikabwera anthu amakumbukira pakamwa pamene inatulukira. Kwa Abemba lamulo ndi lomwelo, choncho Ba Chisala ankalidziwa bwino. Kwa wodwala ankati, "Ba dokota bakuti mupumule, Mulungu ni mukulu." Abale ankawatengera pambali n'kunena kuti mwina mphepo ya kumudzi ingathandize. Anzeru ankamva, n'kuyamba kufunafuna galimoto. Ankakonda kunena kuti azungu nawonso amaiopa imfa ngati ife, ndicho chifukwa chake amaiveka.

Mkazi wawo anali Mainess wa ku Katete, amene ankagulitsa tomato ndi kapenta pamsika. Anali mayi wosabisa mawu, woti ukamupatsa chitenje chonyansa akuuza pomwepo kuti n'chonyansa. Ana awiri anawaika m'manda ali makanda, n'kutsala mmodzi, Maud. Mwana ameneyu ndiye anali mtima wa bambo ake. Ankamupolishira okha nsapato za kusukulu, ndipo madzulo ankakhala naye pakhonde kumuphunzitsa mawu ovala jekete aja, akuti kuti akadzakhala namwino asadzasowe womasulira.

Mainess anali ndi chinthu chimodzi chimene ankachiopa kuposa imfa yeniyeniyo. Mng'ono wake anafera m'chipatala kuno ku Lusaka, abale akumulimbitsa mtima mpaka tsiku lomaliza kuti achira, ndipo anaikidwa ku manda a Chingwere pakati pa anthu osawadziwa. Mayi wawo ku Katete sanaone nkhope yake, ngakhale manda ake. Pobwera kumaliro amenewo, ine ndikumva, Mainess anagwira mwamuna wake dzanja.

"Bashi Maud," anatero, pakuti ankawaitana m'Chibemba, kutanthauza bambo a Maud, "ine nikazadwala vakufa navo, muniuze. Nifuna nikafike kuli bamai nikali wamoyo. Lonjezani."

Iwo analonjeza, monga mmene munthu amalonjezera zinthu zimene akuganiza kuti zili kutali.

Matenda anabwera m'chaka chimene ndege za adani a kum'mwera zinkatiopseza ndipo asilikali anali pa milatho yonse. Mimba ya Mainess inayamba kutupa, thupi likuuma. Anamugoneka m'wodi momwemo mmene mwamuna wake ankagwira ntchito. Anamuchita opaleshoni, koma atatsegula anangotsekanso. Masana a tsiku lotsatira, pa nthawi yoona odwala, tinali atatu pambali pa bedi: Ba Chisala, ine, ndi Enos, mlongo wake wa Mainess, amene anali kalaliki pa shopu ina ku Kamwala ndipo Chizungu ankachimva. Dokotala anali mzungu wachikulire, munthu wabwino, amene anagwira ntchito ndi Ba Chisala nthawi yaitali. Anawaitanira chakumapazi kwa bedi, n'kuwagwira paphewa.

"I am sorry, Benard," anatero motsitsa mawu. "It is only a matter of time. We must let nature take its course."

Ndinaona Ba Chisala akugwira chitsulo cha bedi. Enos anawerama. Onse awiri anamva, ndipo ine, wophunzira wa panjira ya kuntchito, ndinamvanso.

"Bakamba chani ba dokota?" Mainess anafunsa.

"Bakuti mupumule," anayankha mwamuna wake. "Mulungu ni mukulu."

Titatuluka panja, Enos anaima patsogolo pa mlamu wake. Za lonjezo lija ankazidziwa, chifukwa Mainess sankabisa kanthu.

"Mulamu, samalani pakamwa," anatero. "Ise tikali kupemphela, na munthu wa mankhwala ya chikuda namupeza ku Marapodi. Mukamuuza vija vamene anakupemphani, ninshi mwamupaya ndimwe. Ine ndine malume wa Maud. Mwana sinizamusiya na munthu wamene aitana imfa munyumba."

Sanali kuopseza chabe. Kwathu ana ndi a kuchikazi, ndipo mayi akamwalira amalume ndiwo amanena kumene mwana akhale. Bambo wa m'tauni amasiyiridwa mwana pokhapokha akuchikazi akamukomera mtima. Ba Chisala anadziwa kuti akasunga lonjezo ataya Maud, akatseka pakamwa Mainess afera pa bedi lija osaona mayi ake.

Anayesa njira yawo ya masiku onse. Anamuuza kuti mwina mphepo ya kumudzi ingamuthandize. Koma Mainess, mayi wochenjera uja amene sunkamubera ngakhale tomato mmodzi, pa nkhani iyi yokha anagontha. Munthu akafuna kukhala moyo amamva zimene akufuna. Anati mankhwala ali kuno, sangawathawe, ndipo kumudzi adzapita akachira, Maud akatsekera sukulu. Ba Chisala anayesanso tsiku lina, yankho linali lomwelo. Mankhwala a sing'anga wa ku Marapodi uja anabwera m'botolo la Fanta, anamwa mobisa, osasintha kanthu. Poyamba ankapita yekha kosamba, kenako mogwiriziza khoma, kenako ndinayamba kumunyamula ndine. Ulendo wa ku Katete ndi wautali, ndipo aliyense ankaona kuti mphamvu zoyendera zikutha.

Masiku amenewo Ba Chisala anasiya kunditukwana panjira. Ndinkawaputa dala za anyani awo, iwo osayankha. Ndinawamvera chisoni kwambiri, koma nzeru yowapatsa ndinalibe.

Tsono linafika Loweruka lina masana, tilinso atatu pa bedi. Mainess anali atamwako phala pang'ono ndipo nkhope yake inali yowala. Anayang'ana mwamuna wake n'kumwetulira.

"Ba neba banichitila chifundo monga nafa kale," anatero akundiloza. "Koma ine niziba kuti nizapola. Bashi Maud banalonjeza kuti ikankhala imfa bazaniuza. Manje sibanakambe, so nizapola chabe. Si so, Bashi Maud?"

M'wodi munali phokoso la mbale ndi la alendo. Enos anawayang'anitsitsa mlamu wake. Ba Chisala anakhala pansi pamphepete pa bedi, chinthu chimene wantchito sankaloledwa, n'kutenga dzanja la mkazi wawo.

"Bana Maud, simuzapola," anatero. "Ba dokota banakamba kuti mankhwala yasila. Muzafa na matenda aya. Tiyeni kumunzi mukali na mphamvu."

Chibadwire ndinali ndisanamvepo mawu otere akunenedwa kwa munthu wamoyo. Amayi a pa bedi loyandikana anafunda kumutu. Enos anadzuka n'kutuluka osatsazika.

Mainess anatseka maso nthawi yaitali, misozi ikutsikira m'makutu. Atatsegula sanayang'ane mwamuna wake, anayang'ana ine.

"Ba neba, mukanichapileko chitenje changa cha ku chalichi," anatero. "Na Maud mukamuluke tsitsi. Tiyenda."

Mwamuna wake anapeza malo pa lole ya wamalonda wina wopita ku Chipata, n'kuyala matiresi pakati pa mabokosi a sopo. Ba Chisala anandiuza pambuyo pake kuti asilikali a pa mlatho wa Luangwa atasuzumira n'kuona wodwalayo anangowakodola kuti adutse. Mainess anafika wamoyo. Anakhala mpaka mango atayamba kupsa. Mayi ake ankamusambitsa okha ndi kumudyetsa ndi dzanja lawo. Anagawa zovala zake, anakhululukirana ndi msuweni wake amene anayambana naye kalekale, ndipo anamwalira masana, mutu uli pamiyendo ya mayi ake. Uthenga utafika ku Kalingalinga, ine ndi amayi ena a kutchalitchi tinakwera lole kupita kumaliro.

Titaika maliro, abale anakhala pansi kuti amasule mwamuna ndi kukamba za mwana. Alendo tinakhala chapatali, koma zonse zinkamveka. Enos ndiye anayamba, ndipo pamaso pa akulu analankhula Chichewa cha kwawo, osati cha ku Lusaka.

"Ine ndinalipo pamene dokotala ankalankhula," anatero. "Mawu oti imfa sanatuluke pakamwa pa dokotala. Anatuluka pakamwa pa alamu athuwa, pamaso pa mlongo wanga, iye akumwetulira."

Ba Chisala anayankha mwaulemu kuti mawu a dokotala aja tanthauzo lake linali lomwelo, ndipo kwa zaka zonse za ntchito yawo sanaonepo munthu wonenedwa choncho akudzuka.

"Tanthauzo ndinalimva nanenso, sindine mbuli," anatero Enos. "Koma ngakhale mzungu, mlendo m'dziko lino, anadziwa kuphimba. Anasiya kakhomo kotsegula kuti Mulungu alowerepo. Inu munakatseka. Tsiku limenelo anali atamwa phala. Kuchokera pamene munanena, sanafunenso mankhwala."

Sindinganene kuti Enos anali munthu woipa. Mlongo wake ankamukonda, ndipo maso ake anali otupa ndi kulira. Koma ndinapsa mtima, n'kuimirira osapatsidwa mpata, kunena kuti malemuyo anapempha yekha, ine ndi mboni, ndipo pakadapanda mwamunayu bwenzi mukulira maliro opanda mtembo. Mkulu wina anandiyankha mofatsa kuti uneba ndi wa ku Lusaka, pano pakukambidwa za mbumba. Ndinakhala pansi manyazi ndi ukali zikundidya.

Ndinkayembekeza kuti mayi ake a Mainess anenapo kanthu. Iwo ndiwo analandira mphatso ya mawu aja. Atafunsidwa anangoti, "Mwana wanga ndamusambitsa ndekha," n'kuyamba kulira. Kaya kunali kuthokoza kaya kudandaula, palibe anawafunsanso.

Akulu sanatchule za ufiti poyera. Anangoti pakamwa pa mkamwiniyu ndi potentha, ndipo mwana wamasiye sangakulire pafupi ndi moto wotere. Anati tambala ndi tambala, anapiye ndi a mwini thadzi. Anawamasula kuti akhoza kukakwatira kwina, Maud atsala ndi agogo ake, sukulu ya kumudzi ilipo. Ba Chisala anapempha atagwada, mwamuna wamkulu wa imvi, kuti mwanayo angomaliza pulayimale ku Lusaka. Akulu anakana.

Ba Chisala anabwerera ku ntchito yawo ndipo anaigwira mpaka atapuma. Sanakwatirenso. Ku Katete ankatumiza nsapato ndi mayunifolomu, koma atapitako okha anauzidwa kuti mwana wapita kwa azakhali ake kutali, ndipo ulendo wachiwiri zinali chimodzimodzi. Anamwalira ulamuliro wa chipani chimodzi uli pafupi kutha, tinawaika ndife aneba. Choncho kuonana kwawo komaliza ndi mwana wawo kunali m'mawa wa tsiku limene tinkachoka kumaliro kuja, ndipo ndinali pomwepo.

Lole inali italira kale, amayi akukwera. Maud anabwera yekha kuchokera kuseri kwa nkhokwe, atametedwa mpala wa maliro. Anali ndi zaka ngati khumi. Anaima patali pang'ono ndi bambo ake, manja ali kumbuyo.

"Batata, ni zoona munauza bamama kuti bazafa?"

Akanatha kunena kuti ananena ndi dokotala. Akanatha kumuuza zofewa, pakuti pa luso limenelo analibe mnzawo. Koma anagwada kuti alingane naye.

"Ni zoona, mwana wanga."

"Sembe munakamba kuti bazapola, sembe banapola?" anafunsa, kutanthauza kuti kodi mayi ake akadachira iwo akadanena kuti achira.

"Iyayi, Maud. Matenda yanali yakulu."

Mwanayo anawayang'ana.

"Sembe munayesako chabe," anatero.

Anatambasula dzanja kuti amugwire, koma iye anabwerera m'mbuyo, n'kutembenuka kupita kwa agogo ake osacheuka. Dalaivala analiza hutala. Ndinawagwira mkono n'kuwadzutsa, ndipo tinakwera.